Mwana wa Aneba

Lolemba, 9 Juni

Dziko lidziwe, ndipo a wailesi akafuna alengeze, kuti lero cha m'ma teni koloko ine Stafford Likhucha wa ku Chitawira, mesenjala wamkulu wopuma wa pa Ginnery Corner, mwini okala ndi tinyumba titatu ta lendi, munthu amene anasiyira Sitandade 6 chifukwa aphunzitsi analibenso chomuphunzitsa, ndavomera kugona m'chipatala. Sanachite kundigwira. Ndabwera ndekha pa kabaza, phazi lili m'jumbo.

Chala chachikulu cha phazi lamanzere chada ngati khala. Shuga 23. Bipi 160 pa 95. Andipatsa bedi nambala 9, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino, ndiye chiperoni chikulowa ngati nachonso anachilembera kalata. Diripi imodzi, insulini m'mawa ndi madzulo, jakisoni wa bala katatu pa tsiku.

Wondidwazika ndi mwana wanga Linda, amene anabwerera pakhomo ukwati utatha. Ndiye wandigulira kope ili, akuti pakamwa panga papumeko.

Lachiwiri, 10 Juni

Shuga 19. Phala lopanda shuga, tiyi wopanda shuga. Sisita Winnie, amene amatsuka mabala, nayenso alibe shuga.

Aneba anga. Bedi 8 ndi Zakir wa ku Limbe, woyendetsa njinga yamoto, mwendo uli m'chikhakha. Amaseka usanamalize nkhani, munthu wabwino kwambiri. Bedi 10 ndi mdala wamtali wa magalasi, anathyoka fupa la m'chiuno atagwa mumtengo wa mapeyala kwawo ku Nyambadwe. Anamwino akamadutsa pa bedi pake amachepetsa liwiro n'kumati "adokotala." Ndinayesa ndi dzina lopatsana kumowa.

Ndawafunsa. Akuti ndi a Dalton Makwinja, anali dokotala wa ana pompano, anapuma zaka zinayi zapitazo.

"Nanga dokotala wathunthu mukutani m'wodi ya ife amphawi? Za pulayiveti zatha?"

"Zaka makumi atatu ndinkauza anthu kuti chipatala chino n'chabwino. Lero ndikagone kwina?"

Ndawauza kuti poti ndi a ana, akanawagoneka ku wodi ya ana, pa kabedi ka zitsulo m'mbali, sakanagwanso. Aseka pang'ono, ngati munthu wosunga kuseka kwina kuti adzagwiritse ntchito mawa.

Lachitatu, 11 Juni

Shuga 16. Madokotala a raundi ati chala sichibwerera, achidula Lachisanu. Ndapempha kuti adzandipatse ndikachiike ndekha ndi mwambo wonse wa mpingo. Angopitirira pa bedi 10.

Masana bambo wa pa bedi 3 watisiya. Atamutulutsa, m'wodi munangoti zii, ngakhale supuni osamveka. Ine chete wotere sindimutha. Kumaliro konse ku Chitawira amadziwa kuti Likhucha akafika, anamfedwa amayamba kudya. Ndiye ndinayamba. Ndinachita mbusa amene mano oikirira amamugwa pa ulaliki. Ndinachita bwana wanga wakale akufunafuna magalasi ali pamphumi. Anthu anayamba kutsokomola ndi kuseka.

Kenako ndinatulutsa sewero langa lalikulu, limene ku bawo amachita kundipempha: mwana wa aneba. Kukupiza manja m'mbali mwa nkhope. Kuyenda monyang'ama, izo ndinasonyeza ndi zala pa bulangeti. Kundandalika zitsekerero za mabotolo pamzere, wina akasuntha chimodzi n'kukuwa ngati wapsa. Kutseka makutu, kugwedeza thupi kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumati, "Limbe, Limbe, awiri atsala! Limbe, Limbe, awiri atsala!" Zakir anaseka mpaka kupempha Panado.

A Makwinja sanaseke. Ankandiyang'ana manja.

Nditatsitsa manjawo ndinaona Linda ataima pakhomo la wodi, basiketi ili m'manja. Sindikudziwa anafika nthawi yanji. Anabwera, anaika mbale pa lokala, anapukuta supuni ndi nsonga ya chitenje, anaiika bwinobwino pambali pa mbale, n'kutuluka.

Sindinadye.

Lachinayi, 12 Juni

Shuga 17. Atenga magazi a mawa. Linda sanabwere m'mawa.

Sisita Winnie atatha kutsuka mabala, a Makwinja anati, "A Likhucha, tandichitireninso mwana wa dzulo uja."

Ndinati eya, mdalayu nthabwala zimamufika mochedwa ngati sitima ya ku Nsanje. Ndinachitako pang'ono.

"Akamatseka makutu amakhala atamva chiyani?"

"Chigayo. Kapena amayi a Mvano akakweza nyimbo."

"Amadya chiyani?"

"Mpunga woyera ndi nthochi. Koma zisakhudzane m'mbale, zikakhudzana mbale imauluka."

"Mukamuitana dzina?"

"Satembenuka. Koma pepala la bisiketi amalimva ali kuseri kwa nyumba."

"Anayamba walankhulapo mawu akeake?"

"Anali ndi 'mama' ndi 'madzi' ali chaka ndi theka. Kenako anangopita mawuwo. Anatsala a makondakitala okhawa."

"Tulo?"

"Sagona popanda kansalu kake kobiriwira. Kakachapidwa, nyumba yonse sitigona."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi shiti.

"Aneba anuwo mumagona nawo nyumba imodzi?"

Zaka makumi asanu ndi awiri pakamwa panga sipanasowepo yankho. Lero panasowa.

"Makolo ambiri amene ndinkawafunsa mafunso amenewa sankayankha bwino ngati inu," anatero. "Mwanayu mwamuyang'ana nthawi yaitali. Dzina lake ndani?"

Ndinati Stacy. Zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana wa Linda.

Zakir anamva zonse. Anatembenukira kwina, mwendo wa chikhakha n'kumaukoka ndi manja.

Lachisanu, 13 Juni

Osadya kuyambira m'mawa. Ku fiyeta 11 koloko. Jakisoni wa pamsana, miyendo yonse inafa, ndinkamva akukambirana za mpira. Chala chapita. Linda anabwera, anadikira panja, anandifunditsa bulangeti. Mawu ake lero: "Madzi ali apa."

Loweruka, 14 Juni

Ululu. Shuga 14. Chala chimene kulibe chikuyabwa. Chakudya chabwera ndi mayi wa lendi.

Lamulungu, 15 Juni

Shuga 12. Bala ati lili bwino, silikununkha.

Nthawi ya alendo pa bedi 10 panali ngati pamsika wa Limbe. Amayi amene si abale awo, wina ndi mbatata yophika, wina chigumu, wina wangobwera ndi chithunzi cha mwana atavala yunifolomu. Pa bedi 9 panabwera ntchentche imodzi, nayonso sinakhalitse.

Panafikanso mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, shati yopinira mpaka pakhosi. Sanapereke moni. Anaima kumiyendo kwa bedi, maso ali pa diripi, n'kunena kuti, "Adokotala Makwinja, Lachinayi, chipinda chachitatu." Adokotala anati, "Eya, Eliot. Mabanzi akuyenda?" Iye anati, "Sikisi pa thireyi, mathireyi foloti." Anaika jumbo ya mabanzi pabedi n'kumapita.

Adokotala akuti Eliotyu amagwira ntchito pa bekale ina ku Limbe, chaka chachisanu ndi chinayi, sanachedwepo. Anafika kwa iwo ali ndi zaka zinayi, mayi ake atamumangirira ku mwendo wa tebulo ndi chitenje kuti apeze mpata wokatunga madzi.

Ndinawafunsa kuti ntchito yotereyi anaitola kuti. Akuti atangoyamba ku wodi ya ana, pankabwera amayi ndi ana osalankhula, ana osakhazikika, ana ochedwa kukhala ndi kuyenda. Malungo palibe, magazi ali bwino, ndiye ankangouzidwa kuti pitani, akula nazo. Tsiku lina anatsatira mayi wina mpaka pageti n'kumufunsa kuti kunyumba zimakhala bwanji. Mayiyo analankhula maola awiri. Atabwerako anapempha kachipinda kosungiramo mabedi othyoka, anayalamo mphasa, anaikamo makapu apulasitiki ndi mpira. Anzawo ankawatcha dokotala wa zidole. Mawondo awo akuti anathera pa mphasa imeneyo.

"Ndiye munachiza angati?"

"Ngakhale mmodzi."

"Zaka makumi atatu? Ine akanandichotsa ntchito sabata yoyamba."

"Ndinkaphunzitsa mwana kuloza kapu akafuna madzi, m'malo momenyetsa mutu kukhoma. Ndinkaphunzitsa akuluakulu kudikira. Ana ndiwo ankagwira msanga."

Anandipatsa banzi limodzi, kenako anakumbukira shuga wanga n'kulilanda.

Lolemba, 16 Juni

Shuga 11. Diripi achotsa. Jakisoni wa bala asintha, tsopano ndi mapiritsi, awiri katatu pa tsiku.

Poti kope silingandiseke, ndilembe. Zaka ziwiri zapitazo a kusikelo anamupatsa Linda kalata yoti apite ndi Stacy ku chipinda chachitatu chomwechi. Ine ndinakaniza. Ndinati pakhomo panga sipatuluka mwana wokafola pa mzere wa amisala. Chifukwa chenicheni n'chakuti nthawi imeneyo okala inkayenda bwino, ndipo ndinali nditangomaliza kanyumba kachitatu. Ku Chitawira munthu ukakhala ndi kabizinesi ndiponso mwana wotere pakhomo, nkhani imakhala yatha kale: mdala uja anakhwimira mdzukulu. Ndinaziona zikuwachitikira ena, anthu anasiya kuwagula ngakhale machesi. Ndiye ndinakhoma loko kuchipinda cha kumbuyo. Alendo akamagogoda, Stacy ndi zitsekerero zake amalowa m'menemo. Ndinapita naye kwa mneneri wina kawiri, anamukuwira m'makutu, mwana wosafuna phokoso.

Nanga ku bawo ndinkachitiranji sewerolo? Sindikudziwa bwino. Mwina ndinkati ndikayamba ine kuseka, palibe adzaganize kuti ndi wanga.

Linda wabwera masana. Wakhala pampando, manja pamiyendo.

"Adadi, ndapeza chipinda ku Bangwe. Mwezi ukatha tisamuka."

Ndinati ku Bangwe madzi amavuta, mwana adzasamba malovu? Sanamwetulire n'komwe.

"Anthu ankandiuza kuti ku bawo mumachita zimene zija. Ndinkawayankha kuti akukunamizirani, bambo anga ndi ovuta koma si otero."

"Linda, kunali kungosangalatsa odwala. Munthu anali atangomwalira."

"Mumamutsekera kuti anthu asamuone. Kenako inu nomwe mumatuluka kukamuonetsa."

Anatenga zovala zakuda n'kupita. A Makwinja anali atatseka maso, koma munthu wogona sagwira magalasi m'manja.

Akapita ku Bangwe, m'mawa ndani adzandandalike zitsekerero pakhomo pa okala ndisanatsegule? Ndimachita kudumpha mzerewo tsiku lililonse, ndikung'ung'udza. Lero ndazindikira kuti sindinauphwanyepo.

Lachiwiri, 17 Juni

Shuga 10. Andiyesa kuima ndi ndodo, masitepe asanu mpaka pa sinki.

Ndapempha a Makwinja kuti amulankhule Linda, poti iwo ali ndi Chingerezi ndi magalasi. Akana.

"Ine mwana wanu sindinamulakwire."

"Ndiye mulembereni kalata ya kuchipinda chanu chija."

"Kalata ali nayo zaka ziwiri. Chimene ankadikira ndi chilolezo chanu, ndipo pano sakuchifunanso. Dzulo potuluka waonetsa Sisita Winnie kalatayo n'kufunsa tsiku la kiliniki. Akupita mkuja."

Akuti pano chipindacho amayendetsa ndi Dokotala Rania, amene iwo anamuphunzitsa. Akutinso mwana wotere akafika malo achilendo nthawi zina amangobisala, dokotala osaona kanthu, ndiye pamafunika munthu wodziwa kufotokoza mmene amachitira kunyumba.

"Linda amachoka m'mawa kupita kuntchito, amabwera dzuwa litalowa. Amene amaswera naye mwanayu ndani?"

Ndinati nanga ndikanene chiyani kumeneko.

"Zimene munatichitira Lachitatu zija. Zonse, osasiyako."

Ndinawauza kuti bola andidule chala china.

Lachitatu, 18 Juni

Shuga 9. Sisita Winnie wati ndikapitiriza chonchi Lachisanu ndituluka.

Linda wabweretsa nyemba ndi masamba. Ndinakonza mawu abwino m'mawa wonse, ena a m'Baibulo. Atakhala pansi onse anathawa.

"Mawa ndi Lachinayi," ndinatero.

"Masiku ndimawadziwa, adadi."

"Ndimati mwina ndipite nawo."

"Mukatani? Kumeneko kulibe bawo."

"Adokotala ati ndikaonetse mmene amachitira."

Anayang'ana a Makwinja. Iwo anali otanganidwa kwambiri ndi kusenda nthochi. Linda anatembenukira kwa ine.

"Eyiti koloko. Mukachedwa sindidikira."

Zakir wandibwereka jekete yake, akuti yanga ikununkha wodi. Aka n'koyamba kundilankhula kuyambira tsiku lija.

Lachinayi, 19 Juni

Shuga 9. Lero ndilemba zambiri, dzanja lipirire.

Sisita anatibwereka njinga ya odwala. Linda ankakankha, ndipo ndikhulupirira kuti maenje onse a m'khonde anawasankha dala. Stacy ankayenda pambali monyang'ama, kansalu kobiriwira kali kukamwa, kachitini ka zitsekerero kali m'khwapa. Sanandiyang'ane. Sandiyang'ana nthawi zonse, koma lero ndinazimva.

Pa benchi panali amayi ngati khumi ndi awiri ndi ana awo, bambo mmodzi yekha. Mwana wina wamkulu ndithu ali kumsana, mutu ukulendewera. Wina akuthamanga uku ndi uku ngati walumidwa ndi linthumbu. Ndipo pakati pawo, tsoka ilo, mayi Ndaziona a kumpingo kwathu, amene amagula sopo pa okala panga Loweruka lililonse. Anali ndi kamnyamata kovala chipewa cha thonje. Sindinkadziwa kuti ali ndi mwana wotere. Zaka zonsezi.

"A Likhucha, mwasochera? Kuno si kwa a shuga."

Nthabwala inafika pakamwa yokha, yabwino ndithu, yoti ndabwera kudzayezetsa ngati ndakula bwino. Linda anali kumbuyo kwanga, manja ali pa njinga. Ndinaimeza.

"Ndabwera ndi mdzukulu wanga. Uyo."

Anamuyang'ana Stacy, anandiyang'ana ine, n'kusendera kuti Linda akhale.

M'chipindamo mphasa zilimodi, ndi makapu. Dokotala Rania ndi wamng'ono thupi, anavula nsapato n'kukhala pansi. Stacy anangolowa kunsi kwa tebulo n'kutipatsa msana. Dokotala anayesa mpira, anayesa thovu la sopo, anamuitana dzina. Palibe. Anafunsa Linda za mimba, za kubadwa, za katemera. Atafika pa zimene amachita masana, Linda anati, "Adadi, onetsani."

Ndinaonetsa. Manja m'mbali mwa nkhope. Makutu. Kugwedeza thupi. "Limbe, Limbe, awiri atsala." Sewero lomwe lija, osachotsa osawonjezera, m'chipinda mopanda woseka ngakhale mmodzi, mwini wake ali kunsi kwa tebulo, mayi ake akuyang'ana pansi. Dokotala ankalemba. Anati ndibwereze za manja, n'kufunsa ngati amatero akakondwa kapena akakwiya. Ndinati akakondwa manja amakhala m'mwamba, akaopa amatsika kufika pachifuwa. Linda anadzutsa mutu. Iye zimenezo sankazidziwa.

Thukuta linanyowetsa jekete ya Zakir, kunja kuli chiperoni.

Zimene dokotala wanena: akuganiza kuti ndi otizimu, koma amuonanso kawiri asanatsimikize. Ayezedwe makutu Lachiwiri. Si ufiti, si kulakwa kwa mayi, palibe piritsi lake. Azibwera Lachinayi, kamodzi pa masabata awiri. Atipatsa timakadi tinayi ta zithunzi, kapu, mbale, chimbudzi, bedi, kuti aziloza. Asamatsekeredwe yekha. Anatinso zikanakhala bwino akanabwera kale, koma sanafunse chimene chinatichedwetsa. Ndikanakonda akanafunsa n'kunditukwana.

Pomaliza anati pakufunika munthu wolemba tsiku ndi tsiku: mwana wadya chiyani, wakuwa nthawi yanji, chinachitika n'chiyani asanakuwe, watulutsa mawu ati. Linda anayang'ana kope ili, linali m'thumba la jekete.

Tikumalizitsa, Stacy anatuluka kunsi kwa tebulo n'kuyamba mzere wake pa mphasa. Anafika pa njinga yanga, anandigwira bondo, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Agogo." Linda analira. Pobwerera anandiuza kuti za ku Bangwe zatha.

Lachisanu, 20 Juni

Shuga 8. Ndikutuluka masana. Insulini yopita nayo kunyumba, kutsukitsa bala Lolemba ndi Lachinayi, nsapato yotsekeka ayi.

A Makwinja anapempha kuwerenga za dzulo. Anawerenga mwakachetechete mpaka kumunsi, n'kubwereranso pa ndime yomaliza.

"Kope ili ndi lomwe lizipita kwa Rania?"

"Lomweli. Masamba atsala ambiri."

"Akawerenga apa alemba kuti mwana wayang'ana munthu m'maso n'kutchula mawu atsopano pamalo pake. Ayambira pamenepo. Azimuyembekezera kuchita zimene sanafikepo."

Anandibwezera kope ndi bolopeni yawo pamwamba.

Ndiye Dokotala Rania, ndi wina aliyense wowerenga: ndime yomaliza ya dzulo ndapeka. Zina zonse n'zoona, ngakhale za mtengo wa mapeyala. Stacy sanandigwire bondo, sanandiyang'ane, sananene kuti agogo. Inu munali mutatembenuka kufuna timakadi, ndiye ndinaona mpata. Linda sanalire. Za ku Bangwe sizinathe. Pobwerera ndinamufunsa, anati mwezi sunathe, aona mmene kopeli liziyendera.

Zoona zake ndi izi, ndipo muyambire pano.

Stacy, Lachinayi 19 Juni, cha m'ma leveni. Mawu: palibe. Kukuwa: palibe. Anandandalika zitsekerero khumi ndi zinayi kuchokera pa tebulo kulowera kuchitseko. Phazi langa lodwala linali panjira ya mzerewo. Sanaukhotetse. Chachisanu ndi chinayi anachiika pamwamba pa bandeji n'kupitiriza mbali inayo. Phazi linkapweteka. Sindinalisunthe mpaka anamaliza.